Kuchokera padenga kufika pa rauta: zimene mwini nyumba ayenera kudziwa pa intaneti ya antena

Amisiri a kampani ya intaneti akabwera kudzakhoma antena padenga, ntchito imene amaitenga kuti ndi yawo imatha timagetsi ta pa antenayo tikayaka ndipo laputopu yawo ikatsegula tsamba limodzi kapena awiri. Akatero amasayinitsa pepala, n'kupinda makwerero, n'kumapita kwa kasitomala wina. Zotsala zonse, monga kumene chingwe chidutse, pamene rauta (chipangizo chogawa WiFi m'nyumba) ikhale, chimene chiteteze zipangizo ku mphenzi ndiponso zimene zizichitika magetsi akathima, zimakhala m'manja mwa mwini nyumba, ngakhale kuti kawirikawiri palibe amene amamuuza zimenezi. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito intaneti yamtunduwu kunyumba kwanga kuno ku Blantyre, ndipo ndathandizako abale ndi anansi kukonza yawo, moti ndinafika potsimikiza kuti mavuto ambiri amene timadandaula nawo tikamati netiweki yavuta sachokera kunsanja ya kampani ayi. Amabadwira pakati pa denga ndi tebulo pamene pali rauta, kamtunda kosapitirira mamita 20 kapena 30, ndipo pafupifupi onse ndi opeweka ngati mwini nyumba akudziwa choyang'ana tsiku lokhoma lomwelo.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti chinthu chimene chili padengacho si eliyo ngati ya wailesi yakanema. Zipangizo zimene makampani ambiri amakhoma, monga LiteBeam ndi NanoStation za Ubiquiti, LHG ndi SXT za MikroTik, kapena zina za Cambium, zili ndi wailesi ndi kakompyuta m'kati mwake, ndipo zambiri zimalankhulana ndi nsanja pa mafunde a 5 GHz. Mafundewo amathera pomwepo padenga. Chimene chimatsika m'chingwe kubwera m'nyumba ndi deta ya Ethernet, yofanana ndi imene imayenda pakati pa makompyuta a mu ofesi, ndipo m'chingwe chomwecho mumakweranso magetsi oyendetsa antenayo, popeza padenga palibe soketi. Njira yotumizira magetsi m'chingwe cha deta imeneyi ndi imene amaitcha PoE, ndipo ndi chifukwa chake amisiri amakusiyirani kabokosi kakang'ono, kakuda kapena koyera, kokhala ndi pulagi ya pakhoma ndi mabowo awiri.

Kabokosi kameneka anthu amakanyozera, koma ndi pamene zipangizo zambiri zimapsera. Bowo limodzi lalembedwa POE, lina lalembedwa LAN. Chingwe chochokera padenga chimalowa mu bowo la POE, ndipo kachingwe kena kakafupi kamachoka mu bowo la LAN kukalowa mu bowo la WAN la rauta, lomwe pa marauta ambiri lili ndi mtundu wakewake, kawirikawiri wabuluu, kapena lalembedwa kuti Internet. Mabowo awiri a kabokosiwo ndi ofanana kukula ndi maonekedwe, choncho dzanja silingakuuzeni kuti mwalakwitsa. Pali PoE ya mitundu iwiri. Ya muyezo wa 802.3af, womwe unakhazikitsidwa mu 2003, pamodzi ndi wa 802.3at wa mu 2009, imayamba yayesa ngati chipangizo cha kumapeto kwa chingwe chimalandira magetsi, ndipo ikapeza kuti sichilandira, situlutsa kanthu. Koma antena zambiri za m'nyumba zimagwiritsa ntchito PoE ya mavoliti 24 yosafunsa, imene imatulutsa magetsi nthawi zonse kwa chilichonse chimene mwalumikiza. Mukalowetsa rauta kapena laputopu mu bowo la POE la kabokosi kotere, mukhoza kuotcha bowo la chipangizocho nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso mukatenga kabokosi ka mavoliti 48 kosafunsa, mwina kochokera pa chipangizo china, n'kukalumikiza ku antena ya mavoliti 24, antenayo imafa.

Zimenezi sizichitika tsiku lokhoma, chifukwa amisiri amadziwa. Zimachitika tsiku lokolopa m'nyumba monse, munthu akazula zingwe zonse kuti asunthe kabati kenako n'kuzibwezera mmene akuganizira. Ndimalangiza aliyense kuti amange tepi yofiira kumapeto kwa chingwe chochokera padenga, amatenso kachidutswa ka tepi yomweyo pamwamba pa bowo la POE, ndipo auze onse a m'nyumba, ana omwe, kuti chofiira chimalowa pofiira pokha. Ndi bwinonso kulemba papepala mavoliti ndi ma amp amene alembedwa kunsi kwa kabokosiko, kuti tsiku limene kadzafe musadzagule kongofanana nako maonekedwe.

Pa chingwe chenichenicho ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene anthu amafuna kupulumutsa ndalama, pamene ndalama yomweyo amaitaya mosadandaula pogula rauta ya tinyanga tambiri. Malire a Ethernet ndi mamita 100 kuchokera pa chipangizo china kufika pa chinzake, ndipo nyumba zathu zambiri sizifika ngakhale theka la pamenepo, choncho kutalika si vuto. Cat5e imakwanira, chifukwa imanyamula mpaka 1000 Mbps, liwiro lomwe antena ya pakhomo siifikako. Vuto lili pa zimene chingwecho chapangidwira. M'mashopu mwadzaza zingwe zotsika mtengo zimene timawaya take ndi ta aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba, ndipo pa katoni zina zimalembedwa CCA, zina sizilembedwa n'komwe. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti chabe ya mmene kopa amadutsitsira, ndiponso amathyoka msanga akapindidwa. Pa chingwe chongonyamula deta kwa mamita ochepa mwina simungaone kusiyana, koma pa chingwe chonyamula mavoliti 24 kukwera nawo padenga, mphamvu ina imatayika m'njira, ndipo antena imayamba kuzima n'kudziyatsanso yokha nthawi imene ikugwira ntchito kwambiri. Mwini nyumba amangoona intaneti ikuduka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri madzulo aliwonse, n'kumaimbira foni kampani, ndipo a kampani akayang'ana kumbali yawo amapeza nsanja ili bwinobwino. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo mukhoza kuchitira m'shopu momwemo: sendani kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni kapena lezala, ndipo ngati pansi pa kufiirako pakuoneka zoyera ngati siliva, chingwecho chisiyeni.

Mbali ya chingwe imene ili panja iyenera kukhala yopangidwira panja, imene kawirikawiri chikopa chake chimakhala chakuda ndi cholimba. Chingwe chotuwa kapena chabuluu cha mu ofesi sichilimba padzuwa, makamaka chikagona pa malata otentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Chikopa chimauma, n'kuchita ming'alu yaing'ono yosaoneka muli pansi, ndipo mvula ikayamba madzi amalowa m'ming'alumo n'kumatsetsereka m'kati mwa chingwe mpaka m'nyumba. Kwa mnansi wanga wina, intaneti itafa m'mwezi wa Januwale, tinazula chingwe mu bowo la POE n'kupeza kamutu kake kanyowa, timano take tagolide tachita nguwi yobiriwira, awiri mwa timanoto tadyeka mpaka kuda, ndipo titapendeketsa kabokosiko munatuluka madontho a madzi. Denga silinkadontha, ndipo khoma linali louma. Madziwo anayenda ulendo wonse m'kati mwa chingwe, ndipo atakumana ndi magetsi a PoE pa timano tija, chitsulo chinadyeka m'masiku ochepa.

Pofuna kupewa zimenezi, chingwe chisanalowe m'khoma kapena pansi pa malata chizitsika kaye pang'ono kupitirira bowo lolowera, kenako n'kukwera polowa, kuti madzi otsata chikopa chake azidonthera pansi pa kupindikako m'malo molowa m'nyumba. Bowo la m'khoma aziliboola mopendekera kunja ndi kulitseka ndi silikoni. Kachitseko ka pansi pa antena, pamene chingwe chimalowera, kazitsekedwa mpaka kumveka kuti kagwira, pakuti ndaonapo antena zambiri zili yasa, kachitseko katatayika kalekale. Pamene chingwe chikudutsa m'mphepete mwa lata, chivekedwe kachidutswa ka paipi, chifukwa mphepo ikamachigwedeza lata limachicheka pang'onopang'ono. Mu siling'i mdani ndi khoswe, ndipo mankhwala ake ndi paipi ya pulasitiki yomwe amagetsi amadutsitsamo nthambo zawo, koma ikhale paipi yakeyake. Chingwe cha deta chisayende limodzi ndi nthambo za mavoliti 230 m'paipi imodzi kapena kumangidwa nazo pamodzi, ndipo pamene zikuyenera kudutsana, zipingasane mopanga mtanda. Chingwe chichoke padenga kufika pa kabokosi chili chathunthu, chopanda mfundo. Kupota timawaya ndi kukulunga tepi, monga timachitira ndi nthambo ya wailesi, pa Ethernet sikugwira ntchito, ndipo kukagwira lero kudzakuvutani mvula ikadzagwa.

Kamutu ka kumapeto kwa chingwe, kotchedwa RJ45, munthu aliyense wodekha akhoza kuphunzira kukaika, bola akhale ndi chopanira chake. Mukasenda chikopa pafupifupi masentimita 3 mumapeza timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri: ta olenji, tobiriwira, tabuluu ndi tabulauni, pagulu lililonse kamodzi ka mtundu wathunthu ndi kanzake koyera kokhala ndi mzere wa mtunduwo. Mumatiwongola ndi zala mpaka tigone mondondozana, ndipo dongosolo lofala, la T568B, kuyambira kumanzere kamutu katayang'ana kumwamba ndi kandodo kake kali kunsi, ndi ili: koyera ka olenji, ka olenji, koyera kobiriwira, kabuluu, koyera kabuluu, kobiriwira, koyera kabulauni, kenako kabulauni. Taonani kuti tobiriwira tiwirito sitigundizana, koma tabuluu timalowa pakati pake. Anthu ena ongophunzira okha amaganiza kuti bola mbali zonse ziwiri zifanane, dongosolo lililonse ndi labwino, ndipo amandanda mitundu motsatizana. Chingwe chotero chimayatsa timagetsi, mwinanso n'kugwira ntchito chikakhala chachifupi, koma chikatalika deta imasokonekera, chifukwa kupotana kwa timawaya tiwiri ta gulu limodzi ndi kumene kumatiteteza ku phokoso la magetsi ena. N'chifukwa chakenso gawo lomasulidwa lisapitirire mamilimita 13. Mumadula nsonga zonse mofanana, n'kukankhira m'kamutu mpaka kopa wa kawaya kalikonse aoneke kutsogolo kwa pulasitiki, chikopa chakunja chitalowanso m'kati kuti chopanira chichigwire, kenako mumapana kamodzi mwamphamvu.

Kudziwa ntchito ya mtundu uliwonse kumathandiza pofufuza vuto. Pa liwiro la 100 Mbps deta imayenda m'timawaya ta olenji ndi tobiriwira tokha, pamene PoE ya mavoliti 24 imadutsa m'tabuluu ndi tabulauni. Choncho ngati antena ikuyaka bwinobwino padenga koma kagetsi ka WAN pa rauta n'kozima, kaikirani ta olenji ndi tobiriwira. Ngati antena yazimiratu koma kabokosi kakuyaka, kaikirani tabuluu ndi tabulauni. Liwiro la 1000 Mbps limafuna timawaya tonse 8, ndiye ngati zipangizo zonse ndi za liwiro limenelo koma tsamba la rauta likusonyeza 100 Mbps kapena 10 Mbps, pali kamutu kamene sikanapanidwe bwino.

Nkhani ya mphenzi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imakhudza moyo wa anthu, osati zipangizo zokha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mlongoti wachitsulo woimikidwa pamwamba pa nyumba, wokhala ndi chingwe cha kopa chotsikira m'chipinda chochezera, si chinthu chochitengera mwachibwana. Palibe kachipangizo ka pakhomo kamene kangapulumutse antena mphenzi ikaomba pamlongoti penipeni. Komabe zipangizo zambiri sizifa ndi kuomba kotero, zimafa ndi mphamvu imene imalowa m'chingwe mphenzi ikagwa chapafupi, ndiponso ndi magetsi amene amaunjikana pa antena mphepo youma ikamawomba. Zimenezi n'zotheka kuzichepetsa. Mlongoti ulumikizidwe ndi nthambo yonenepa ya kopa, yotsika molunjika mopanda kupindapinda, kukafika pa ndodo ya ethi, yachitsulo yotayira magetsi m'nthaka, yokhomeredwa pansi, ndipo ndodoyo ilumikizidwe ndi ethi ya nyumba kuti pasakhale kusiyana kwa mphamvu pakati pa ziwirizi. Pamene chingwe chikulowera m'nyumba paikidwe surge protector ya Ethernet yolola PoE (kachipangizo koteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi), nayonso yolumikizidwa ku ethi, chifukwa popanda ethi ilibe kotayira mphamvuyo. Chingwe chokhala ndi chophimba cha zitsulo m'kati, pamodzi ndi timitu tachitsulo, chimatsitsa magetsi ounjikana aja kudzera pa kabokosi ka PoE mpaka pa mwendo wachitatu wa pulagi.

Pamenepa pali chizolowezi chathu chimene chimawononga dongosolo lonseli. Masoketi athu ndi a mabowo atatu, koma timakonda kutokosa bowo lapamwamba ndi kamtengo kapena chivindikiro cha cholembera kuti pulagi ya miyendo iwiri ilowe, ndipo maekisitenshoni ambiri otsika mtengo alibe nthambo ya ethi m'kati ngakhale ali ndi mabowo atatu. Kabokosi ka PoE kakalumikizidwa motero, njira yotsitsira magetsi aja imaduka, ndipo amakatulukira pa rauta. M'nyumba zambiri za lendi ngakhale soketi ya pakhoma ilibe ethi yeniyeni, choncho ndi bwino kuitana wamagetsi wodziwa ntchito kuti ayeze. Ndipo kukada mitambo, ziphaliwali zikayamba kung'anima pafupi, chitetezo chosalephera ndi kuzula chingwe chofiira chija mu kabokosi n'kuchiika patali ndi zipangizo ndi anthu, mvula isanafike, osati ili pakati. Poimika mlongoti muonetsetsenso kuti ngakhale utagwa mbali iliyonse sungakhudze nthambo za ESCOM zolowa m'nyumba yanu kapena ya mnansi.

Malo okhoma antena amasankha ndi amisiri, koma mwini nyumba ndi amene amadziwa mitengo ya pamalopo. Kuno ku Blantyre mapiri monga Ndirande, Soche ndi Mpingwe amaoneka kuchokera m'madera ambiri, ndipo zimenezi zimachititsa anthu kuganiza kuti bola nsanja ikuoneka ndi maso, zonse zili bwino. Koma mafunde a wailesi sayenda m'kamzere kopyapyala ngati ulusi. Amafuna mpata wooneka ngati mbatata, wonenepa pakati ndi wosongoka kunsonga zonse ziwiri. Pa mtunda wa makilomita 2 ndi mafunde a 5 GHz, mpata umenewu pakatikati pa njira umafika pafupifupi mamita 5 kuzungulira mzere wolunjika, ndipo akatswiri amafuna kuti 60 peresenti yake ikhale yopanda chotchinga. Mtengo wa bulugamu umene lero uli pansi pa mzerewo udzakhala utaupitirira zaka ziwiri zikubwerazi, ndipo mitengo imene imayoyola masamba m'chilimwe imabwezera masamba onyowa nthawi ya dzinja. Antena yokhomedwa mu Seputembala ikhoza kumagwira bwino mpaka Disembala kenako n'kufooka, popanda chimene chasintha pa zipangizo. Funsani amisiri nambala ya mphamvu ya siginolo asanatsike, ndipo muilembe. Imalembedwa mu dBm ndi chizindikiro chochotsera patsogolo, moti -55 ndi yamphamvu kuposa -70, ndipo kutsika kwa 3 dB kulikonse ndiko kutaya theka la mphamvu. Mlongoti ukhale wolimba ndi womangidwa ndi nthambo zokoka ngati ndi wautali, chifukwa antena za mbale zimaona mopapatiza, ndipo mphepo ya mwera ikaupotoza pang'ono chabe siginolo imagwa.

Zingwe zikakhala m'malo mwake, chotsala ndi kuuza rauta mmene ilandirire intaneti pa bowo la WAN, ndipo njira zake ndi zitatu. Makampani ena amakonza antena kuti izipereka yokha adiresi, nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki, ndipo pamenepo rauta imaikidwa pa DHCP, kapena Dynamic IP monga marauta ena amalembera. Ena amafuna PPPoE, yomwe imafuna dzina ndi pasiwedi zochokera ku kampani. Ena amakupatsani adiresi yokhazikika pamodzi ndi manambala a gateway ndi DNS oti mulembe nokha. Funsani kuti yanu ndi iti ndipo zonse zilembedwe papepala losungidwa bwino, chifukwa mwana akadzatobwanya kabatani ka reset, kapena rauta ikadzafa n'kugula ina, mudzazifuna, ndipo popanda pepalalo mudzadikira amisiri masiku angapo pa ntchito ya mphindi zisanu.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale anthu odziwa makompyuta. Antena zambiri zimakhala zitakonzedwa kuti nazonso zizigwira ntchito ngati rauta, ndipo zimapereka maadiresi oyamba ndi 192.168.1, omwenso ndi amene marauta ambiri a m'nyumba amabwera nawo kuchokera kufakitale. Rauta ikaona maadiresi a gulu limodzi kumbali ya WAN ndi kumbali ya LAN, imasowa kotumiza deta, ndipo mafoni amasonyeza kuti alumikizika ku WiFi koma palibe chotseguka. Marauta ena atsopano amazindikira okha n'kusintha, koma ambiri satero. Kukonza kwake ndi kulowa pa tsamba la rauta n'kusintha adiresi yake ya LAN kukhala ina, monga 192.168.10.1. Ngakhale mutatero, deta imadutsabe m'marauta awiri otsatizana, zimene sizivuta pa WhatsApp, YouTube kapena Zoom, koma zimavutitsa amene akufuna kuona makamera a pakhomo ali kutali kapena kusewera magemu ena. Amene akufuna kupewa zimenezi apemphe kampani kuti iike antena pa bridge, kuti izingodutsitsa deta osagwira ntchito ya rauta, kapena asandutse rauta yawo kukhala access point, chipangizo chongoulutsa WiFi, pozimitsa DHCP yake yopereka maadiresi ndi kulowetsa kachingwe kochokera pa kabokosi mu bowo la LAN m'malo mwa WAN. Choopsa ndi kulowetsa mu LAN osazimitsa DHCP, chifukwa zipangizo ziwiri zimayamba kupikisana popereka maadiresi, ndipo foni ina imagwira pamene ina ikukana. Kompyuta ikasonyeza adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti palibe chipangizo chimene chaipatsa adiresi, ndipo yangodzipatsa yokha.

Zokonza za m'kati mwa antena, monga tchanelo, mphamvu yotulutsa ndi dziko limene yasankhidwira, zisiyireni kampani ngakhale mutadziwa pasiwedi yake. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo munthu mmodzi wokweza mphamvu ya antena yake mosadziwa akhoza kusokoneza makasitomala onse a pansanja imodzi.

Rauta ikhale pakatikati pa nyumba, pamalo okwera ndi oonekera, osati pamene chingwe chathera. Amisiri amakonda kuisiya pafupi ndi pamene aboola khoma, pakona ya chipinda chochezera kuseri kwa wailesi yakanema, koma kachingwe ka pakati pa kabokosi ndi rauta mukhoza kukatalikitsa mmene mungafunire bola zonse pamodzi zisapitirire mamita 100 aja. Makoma a njerwa zootcha amafooketsa WiFi kwambiri, makamaka ya 5 GHz, ndipo malata amaitchingiratu, moti rauta ya m'nyumba yaikulu siingadalirike kufikira ku boyizi kota kapena kushopu ya kumpanda. Kumeneko kokerani chingwe ndi kuika access point yachiwiri, zimene zimaposa kutali tizipangizo tongobwereza siginolo yofooka kale. Pa 2.4 GHz sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11, chifukwa zitatuzi sizilowerana, ndipo ngati rauta ili ndi 5 GHz, funsani amisiri tchanelo ya antena kuti ya rauta italikirane nayo. Pasiwedi ya WiFi ikhale ya WPA2 kapena WPA3, ndipo ya tsamba la rauta isinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa yochokera kufakitale aliyense amaidziwa.

Magetsi akathima, zinthu ziwiri zimafunika mphamvu, rauta ndi kabokosi ka PoE, ndipo ambiri amakumbukira rauta yokha, n'kumadabwa kuti WiFi ilipo koma intaneti palibe. Mwayi wake zonsezi sizidya zambiri. Antena yamtunduwu kawirikawiri imadya mawati osapitirira 7 kapena 8, rauta wamba imadya pakati pa 5 ndi 12, ndiye zonse pamodzi sizipitirira mawati 20. Batire laling'ono la 12V 7Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 84 kwa ola limodzi, koma batire la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, choncho limakupatsani maola awiri kapena atatu. La 100Ah, longa limene anthu amaika pa sola, likhoza kuyendetsa zipangizozi tsiku lathunthu ndi usiku wake. Ma UPS ang'onoang'ono opangidwira marauta, omwe ndi timabatire toyendetsa zipangizo magetsi akathima, amene amatulutsa 12V komanso PoE, amasunga mphamvu kuposa inveta, chifukwa sasintha magetsi kupita ku 230 kenako n'kuwabwezanso pansi, koma ambiri ali ndi kaswichi kosankhira mavoliti a PoE, ndipo kayenera kuyang'anidwa kawiri chingwe cha padenga chisanalowe. Nthawi yoopsa kwa maadaputa ndi pamene magetsi akubwerera, choncho chotetezera cha pa soketi, chonga chimene timaika pa filiji, chomwe chimadikira kaye magetsi akhazikike, n'chofunika pamenepanso.

Zonse ndafotokozazi n'zosiyana ndi za amene ali ndi rauta ya 4G ya simu ya TNM kapena Airtel ndipo akufuna kuiwonjezera antena yakunja. Antena imeneyo ilibe wailesi m'kati, ndipo chimene chimatsika ndi mafunde enieniwo kudzera m'chingwe cha coax cholowa pa timabowo tozungulira ta SMA kumbuyo kwa rauta. Mu coax mphamvu imatayika pa mita iliyonse, ndipo chingwe chopyapyala cha RG58 chimataya pafupifupi 1 dB pa mita pa mafunde okwera a 4G, moti mamita 10 akhoza kudya phindu lonse la antenayo. Pamenepo nzeru ndi kufupikitsa coax, kukweza rauta pafupi ndi denga, ndi kutalikitsa Ethernet m'malo mwake. Starlink, yomwe inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, nayo imatumiza magetsi ndi deta m'chingwe chimodzi, koma magetsi ake ndi ochuluka kwambiri, ndipo zipangizo zake sizisakanizidwa ndi kabokosi ka antena wamba.

Intaneti ikaduka, musanaimbe foni, yambirani pakhoma n'kumakwera. Onani ngati kagetsi ka pa kabokosi kakuyaka mosaphethira, chifukwa kakamaphethira kapena kuzima mukangolowetsa chingwe cha padenga, ndiye kuti m'chingwemo muli shoti, kawirikawiri ya madzi. Onani kagetsi ka WAN pa rauta, kenako tsegulani tsamba la rauta muone ngati yalandira adiresi. Ngati muli ndi laputopu ya bowo la Ethernet, ilumikizeni mwachindunji ku bowo la LAN la kabokosi, ndipo ngati intaneti ikugwira pamenepo, vuto ndi rauta, osati kampani, kupatula ngati mumalowa ndi PPPoE, pomwe laputopuyo iyenera kupatsidwa kaye dzina ndi pasiwedi zija. Masana tulukani panja muyang'ane ngati antena ikulozabe kumene inkaloza, ndipo madzulo timagetsi take timaoneka muli pansi. Mukaimba foni muli ndi mayankho amenewa pamodzi ndi nambala ya dBm ya tsiku lokhoma, wa kampani amatha kuyerekeza ndi imene akuiona pa kompyuta yake n'kudziwa ngati pakufunika kutumiza munthu wokwera padenga kapena ayi. Pa pepala lomwelo palembedwenso kuti antena, kabokosi ndi chingwe ndi za ndani, za kampani kapena zanu, ndiponso amene adzalipire zikadzapsa ndi mphenzi, pakuti makampani amasiyana pa mfundo imeneyi, ndipo wokhala m'nyumba ya lendi ayenera kudziwiratu ngati adzaloledwe kuchotsa antenayo posamuka.